Nsimbi ya Tionenji ku Kariba

Anthu ambiri mu Livingstone sadziwa kuti amene amatseka mathithi a Mosi-oa-Tunya m'nyengo yotentha ndine. Mpopi wake uli kuseri kwa nyumba yanga ku Maramba, pafupi ndi khola la abakha. Alendo akachuluka n'kuyamba kutikwezera mtengo wa tomato pamsika, ndimangoupotokola pang'ono, madzi a mbali yathu n'kuuma, onse n'kuthawira kutsidya. Chabwino, limenelo ndi bodza. Kuseri kwa nyumba yanga kuli abakha okhaokha, ndipo ngakhale mpopi wa kubafa umandikana. Ndayamba nalo kuti mutsuke m'makutu, chifukwa za Tionenji, mwana wa mlongo wanga Justina, n'zoona zokhazokha, kupatula apo ndi apo pamene choonadi chinaonda kwambiri ndiye ndachidyetsako.

Tionenji anabadwira ku Maramba konko, m'banja lathu la anthu a ku Katete amene njanji inawakokera kuno kalekale n'kuwaiwala. Mwanayu sanakwawe. Tsiku lina anangodzuka pamphasa, n'kudutsa pakati pa miyendo ya amayi ake, ulendo wa kumsewu. Kuyambira pamenepo Justina sanakhalenso pansi. Ukamtuma mchere pa kantemba ka pakhomo, ankakaugula ku Dambwa, ati wa kumeneko ndi woyera bwino. Masamu ankamugwetsa chaka ndi chaka, koma aphunzitsi akafuna kutumiza uthenga kusukulu ina sankayang'ananso mwana wina.

Chinanso chimene anabadwa nacho ndi chidani cha makwinya. Atangoguluka mano anandivula shati ndili pakati pa kudya, ati ikumupweteka m'maso. Kwa iye munthu wovala zokwinyika ndi munthu amene sanamalize kudzuka. Amasita madiresi, amasita mipango, amasita zopukutira mbale. Mwamuna wina wa ku Libuyu anamufunsira kwa chaka chathunthu, wabwino ndithu, wa ntchito ya kubwalo la ndege, koma tsiku lobwera kudzaonekera anavala thalauza la mizere iwiri mwendo umodzi. Nkhani inathera pageti.

Atakula analowa ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina ya kumsewu wa Nakatindi. Kuchokera ku Maramba mpaka kumeneko ndi mtunda woti munthu wanzeru amakwera takisi. Iye ankapita pansi, m'mawa ndi madzulo. Oyendetsa matakisi anatopa kumuimbira hutala, ena ankangotembenuza nkhope ngati aona mkazi amene anawakana. Njovu zimene zimadutsa msewu umenewo zinamuzolowera, moti ina inkamupatukira n'kugwedeza khutu.

Koma ntchitoyo inkamudya. Chipinda chositira chinali kuseri, chopanda windo, pakati pa khitchini ndi thanki ya madzi. Anthu ankachoka kumalekezero a dziko kudzaona Zambezi, pamene iye, ali poti ungaponye mwala n'kugwera mumtsinjewo, ankangoona masokosi awo. Sopo anamusenda zala. Miyendo imene Mulungu anaiumbira misewu inkaima pamalo amodzi tsiku lonse ngati ya tebulo. Sankadandaula kwa munthu, koma akafika kunyumba ankazungulira bwalo la mpira kaye asanalowe, kuti miyendo isamukwiyire.

Magetsi atayamba kuzimazima chifukwa madzi a ku Kariba aphwa, Justina anatulutsa pansi pa bedi nsimbi yakale yamakala, yachitsulo chakuda, yokhala ndi katambala pamwamba kotsekera chivundikiro. Kulemera kwake ngati kamwana ka mbuzi kokhuta. Tionenji anaikonda nsimbi imeneyo moti pali akazi ambiri amene amuna awo sawakonda kufika pamenepo. Sankalola munthu kuigwira. Wophika wa palojipo anaisuntha tsiku lina kuti aikepo poto, ndipo mpaka lero amapatsana moni wa pamwamba pa mano.

Woyang'anira maulendo a alendo palojipo anali a Mulemwa, munthu wamtali wa mtundu wa Alozi amene amaseka kamodzi pa chaka, nthawi zambiri ali yekha. Iwo ndi amene anazindikira kuti kwabuka mtundu watsopano wa alendo: anthu amene amalipira kuti avutike. Makolo athu ankayenda pansi chifukwa cha kusowa, koma awa amasiya galimoto zabwinobwino ku Lusaka kuti akatupe mapazi. A Mulemwa anakonza ulendo woyenda pansi m'mphepete mwa Kariba, kuyambira ku Sinazongwe kulowera cha ku Chipepo, kugona m'matenti, katundu kumsana. Ankafuna wothandiza mmodzi wokhazikika. Aliyense ankadziwa kuti ntchitoyo ndi ya Nyambe, mmodzi wa anyamata amene amasenza mabwato a mphira kuchokera pansi pa phompho la Batoka, munthu wa akatumba ngati mapapaya.

Tionenji anazimitsa makala, n'kupita kukagogoda ku ofesi.

"Ba Tionenji, uku si kumsika," anatero a Mulemwa. "Ni masiku, na chola kumsana. Kulibe bafa."

"Ba Mulemwa, munanionapo mu takisi?"

A Mulemwa anaganiza, n'kupeza kuti sanamuonepo.

"Tizayesa. Muzapita nonse awiri na Nyambe, koma nchito ni imodzi. Motoka izatiyembekeza padoko la ku Chipepo Sande m'mawa. Amene sazafika, osabwera kunililira. Abwerere kwamene anachoka."

Kumene Tionenji anachoka kunali chipinda chopanda windo chija. Anadziwa kuti akalephera ulendo uno sadzapatsidwanso wina, adzakalambira pa masokosi.

Atatsala pang'ono kunyamuka anabwera kwa ine kudzafunsa nzeru, pakuti monga Maramba yense adziwa, ine Cosmas ndinaizungulira Kariba yonse ndili mnyamata, nditavala mapatapata. Ndinamuuza za ng'ona, ndinamuuza za dzuwa la kuchigwa limene limawiritsa dzira lili m'mimba mwa nkhuku. Ndinamuuzanso kuti pali malo amene nyanja imalowetsa mkono wake m'mtunda, ndipo amantha amafuna bwato pamenepo.

"Iwe usavutike nazo," ndinatero. "Ungozungulira. Ndi pafupi, sufika n'kutuluka thukuta. Pamwamba pake pali mlambe waukulu, pansi pa mlambewo pali sitolo, m'sitolomo muli filiji ya parafini. Fanta ya pamenepo imazizira mpaka kuwawa m'mano."

Anamvetsera bwino, monga mwana woleredwa.

Tsiku lonyamuka Nyambe ananyamula chola cha Tionenji kuti achikweze pagalimoto, n'kuchibweza pansi.

"Muli chani umu, ba sisi? Injini?"

"Vya akazi."

Palibe mwamuna amene amafunsa kawiri akamva mawu amenewo. Anakwera onse: a Mulemwa, Nyambe, Tionenji, ndi alendo awiri oyesera ulendowo, bambo ndi mkazi wake a ku Lusaka. Bamboyo anali atawerenga zambiri za kuyenda pansi. Anali atadula chogwirira cha mswachi wake kuti katundu apepuke, ndipo anauonetsa kwa aliyense asanafike n'komwe ku Zimba.

Tionenji anali asanaonepo madzi opanda tsidya. Atatsika mapiri n'kuiona nyanja ili tambalale, anaima n'kufunafuna tsidya ndi maso, chola chili kumsana. Madzi anali ataphwa n'kusiya gombe lalitali la udzu waufupi kumene ng'ombe zinkadya, ndipo m'madzimo munaima mitengo youma ya mupani, yotuwa, mbalame zakuda zitayanika mapiko pamwamba pake. Kutali kunkayandama zombo za kapenta zitapinda maukonde. Anauyamba ulendo ngati munthu amene wamasulidwa chingwe. Nyambe, wozolowera zokwera, anayamba kudandaula kuti dziko lathyathyathya limamupweteka msana. Mayi wa ku Lusaka ankafunsa ngati afika asanachoke n'komwe. Tionenji ankapita patsogolo, n'kubwerera kudzatenga botolo la mayiyo, n'kupitanso patsogolo, moti ulendo umene ena anayenda kamodzi iye anauyenda kawiri ndi theka.

Chodabwitsa chinali chakuti m'mawa uliwonse ena ankatuluka m'matenti ngati masamba a fodya, koma Tionenji ankatuluka ngati akupita kukayimba kutchalitchi, kolala ili njo, mzere wa thalauza woti n'kudulira anyezi. A Mulemwa anapirira kawiri. Kachitatu analawirira kudzuka, n'kumupeza kuseri kwa chitsamba atayala chitenje pamwala, akutola makala otsala pamoto wa dzulo n'kumaika m'nsimbi.

Anayang'ana nsimbi. Anayang'ana katambala. Anayang'ana kumwamba.

"Mlendo wathu anadula mswachi," anatero pomaliza.

"Mswachi ni wake, ba Mulemwa. Msana ni wanga."

Lachisanu masana anafika pa mkono wa nyanja uja. Tsidya linalo linkaoneka pafupi, mbuzi za kumeneko unkaziona bwinobwino, koma pakati panali madzi akuya ndi mitu ya mvuu. Mayi wa ku Lusaka anali atavula nsapato, mapazi ali matuza okhaokha, ndipo ananena poyera kuti akamuuza zozungulira amuike m'manda pomwepo. Pagombepo panali kamudzi ka asodzi ndi bwato limodzi lalikulu lathabwa. Mwini wake, a Moono, anakana.

Mudziwo ndi wa anthu opembedza Loweruka. Dzuwa likangolowa Lachisanu nkhafi imagona, ndipo siidzuka mpaka Sabata litatha. Nthawi yowolotsa anthu n'kubwerera dzuwa lisanalowe inalipo, yongokwanira, koma a Moono anali atatumidwa kale kwina. Mawa lake kunkabwera makwaya a midzi ina, akazi a a Moono, a Mutinta, ndiwo ankatsogolera kwaya ya pamudzipo, ndipo nsimbi yokhayo ya mudziwo inali itathyoka chivundikiro. Mayunifolomu anali mulu pamphasa, mabulauzi oyera ndi masiketi opindapinda, okwinyika ngati atuluka m'kamwa mwa ng'ombe. A Moono ankayenera kupita kumudzi wakumtunda kukabwereka nsimbi.

"Nikapita na imwe," anatero, "pa nyumba iyi sinizalowa futi."

A Mulemwa anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana chola cha Tionenji.

Tionenji anaitulutsa nsimbiyo ngati mayi amene akusiya mwana kusukulu yogonera komweko. Anagwirizana kuti nsimbi itsale, idzatengedwa ulendo wina, a Moono awolotse alendo. Tionenji anawalangiza a Mutinta za katambala, za makala, za phulusa. A Mutinta ankangovomera m'Chitonga kuti "inzya, inzya," maso ali padzuwa. Onse anakwera, Nyambe anakankha bwato, madzi anayamba kukula pakati pa iwo ndi gombe.

Kulakwa kwa Tionenji kunali kucheuka. Anaona a Mutinta atadzaza makala mpaka kukamwa, moto ukutuluka m'mabowo, sanapukute pansi pa nsimbi, sanaiyese ndi malovu, ndipo dzanja lawo linali litagwira kale bulauzi yoyera ya nayiloni. Anthu m'bwatomo anangomva khuvuu. Tionenji anali m'madzi ofika m'ntchafu, akulowera kugombe. Ng'ona za pamenepo zinadabwa kwambiri moti zinaiwala ntchito yawo.

"Ba Tionenji," anaitana a Mulemwa akuloza dzuwa, "bwato sibwera kawiri. Zuba mwaiona?"

"Pitani chabe. Nizazungulira. Amalume anakamba ati ni pafupi, pali na sitolo pamwamba."

"Chifukwa cha bulauzi?"

"Izapsa, ba Mulemwa."

Nyambe anaponya chola cha Tionenji kumtunda, bwato n'kupita. Tionenji anaiwerengera nkhaniyo ali chilili, madzi akuchucha. Anzakewo akawoloka adzayenda Loweruka lonse pang'onopang'ono mpaka kudoko. Iye akati adikire bwato la Lamlungu, galimoto adzaipeza itapita. Njira inali imodzi, yozungulira, ndipo amalume ake anali atamutsimikizira kuti ndi yaifupi.

Analanda nsimbi m'manja mwa a Mutinta bulauzi isanakhudzidwe. Anachotsa theka la makala, anapukuta pansi pake ndi chiguduli, analavulira chala n'kugunda, nsimbi n'kuyankha kuti tsii. Kenako anayamba. Amayi a kwaya anamuzungulira, wina akuwaza madzi, wina akupatsira, wina akukoleka pachingwe. Makala akafooka ankaigwedeza nsimbiyo m'mwamba uku ndi uku mpaka katambala kufiira. Siketi iliyonse ankaigoneka, n'kulondola mapindo ake limodzilimodzi ngati akupalira mizere. Dzuwa linkatsika, mulu unkatsika, ndipo yomaliza anaikoleka dzuwa litangonyowetsa phazi m'madzi, a Moono akukokera bwato kumtunda.

"Twalumba, mwanangu," anathokoza a Mutinta m'Chitonga, n'kumugwira manja onse awiri, osendeka aja.

M'mawa mwake kwaya inafola pansi pa mtengo, yoyera ngati akakowa. Tionenji anaima kumbuyo, chola chili kale kumsana, nsimbi ili m'kati, n'kumvetsera vesi limodzi. Nyimbo sanaimve kwenikweni, ankayang'ana makolala. A Mutinta anamupatsa botolo la chibwantu, chakumwa cha chimanga chimene Atonga amayendera ulendo, n'kumuuza kuti njirayo ndi yaitali ndipo za sitolo sanazimvepo. Tionenji anangoti mumtima, amayi a pagombe sangadziwe za kumtunda, amalume anafikako.

Munthu wa ku Livingstone amakhulupirira madzi. Ukasochera, tsata Zambezi, ufika kwanu. Tionenji anachita zomwezo, anatsata madzi m'mphepete mwenimweni. Koma nyanja si mtsinje. Kuitsata m'mphepete n'chimodzimodzi kutsata woledzera. Mkono uja unali ndi zala, chala chilichonse chinali ndi tizala take, ndipo iye analowa n'kutuluka m'chilichonse mokhulupirika ngati akusita siketi. Ankati akazungulira nsonga iyi aona mathero, n'kupeza madzi ena akumuseka kutsogolo. Mudzi wa a Mutinta, umene anausiya m'mawa, masana unali ukuonekabe, ndipo mphepo ikatembenuka ankamva kwaya.

Panali matope amene pamwamba auma ngati chikhokho koma pansi ndi phala. Anamira mwendo umodzi mpaka m'bondo, poutulutsa unabwera wopanda nsapato, ndipo anaikumba ndi manja akuipempha mwaulemu. Panali minga yogwira malaya. Panali mvuu imene inagona panjira ngati mwini malo, moti anaipatukira patali kwambiri, akupepesa. Chibwantu chinatha. Chimene chinkamukoka chinali fanta. Ankaiona ndithu, botolo lochita thukuta, ndipo anali atasankha kale kuti yoyamba adzamwa chilili, yachiwiri atakhala pansi. Mlambe uliwonse umene unkaonekera kutali ankaufulumirira. Chigwa chimenecho chili ndi milambe yambiri kuposa anthu.

Dzuwa litapendeka anafika pamwamba penipeni, pamene madzi athera mumtsinje wouma wamchenga. Milambe inalipo, itatu. Pansi pa woyamba panali chigaza cha ng'ombe. Pansi pa wachiwiri panali ndowe. Pansi pa wachitatu panali mthunzi wokha. Anauzungulira kawiri, mwina sitolo ili kuseri.

Zimene ananena za amalume ake pamenepo sindingazilembe, pakuti ndine mkulu wa mpingo. Mlambewo unagwetsa masamba onse, ndipo mpaka pano sunaphukenso.

Mumchengamo anapeza dzenje limene amayi a kumeneko amakumba potunga madzi. Analifukula, n'kudikira madzi adikhe, n'kumwa chogwada. Kenako anatulutsa nsimbi, imene tsopano inkalemera ngati mbuzi yaikulu ya bere, n'kuiika pamwala. Anaitsanzika. Anayenda pang'ono, n'kucheuka, pakuti mwana ameneyu saphunzira za kucheuka. Katambala kanali kakumuyang'ana. Anabwerera.

Koma atakhala pamchengapo anaona chinthu china. Ng'ombe zobwera kudzamwa sizinkatsata gombe. Tinjira tawo tinkadula pakhosi pa chala chilichonse, molunjika, kudutsa m'tchire. Ng'ombe ilibe nthawi yosangalatsa nyanja. Tsidya linalo Tionenji anasiya madzi n'kutsata ndowe, ndipo mtunda umene ukanamudyera tsiku lina lathunthu unayamba kufupika. Ankayenda akuloweza: apa pali chulu chachikulu, apa mwala wong'ambika, apa mpanda wa minga wa dimba la munthu. Chakumadzulo anafika pamsasa wa amayi oyanika kapenta, amene anamuyang'ana, n'kumupatsa malo osafunsa zambiri.

Kutacha, mayi wina anali atakoleza kale mbaula, makala ali psuu, abwino, a mupani. Tionenji anayang'ana malaya ake. Matope anali ataumirapo, minga inali itang'amba dzanja limodzi, ndipo makwinya ake anali oti ng'ona ikanadziona yosalala. Anayang'ana makala. Dzanja linapita lokha pa chingwe cha chola. Ndiye mayiyo anati doko lili kuseri kwa phiri lachiwiri, ndipo wamva galimoto ikutsika dzulo.

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Tionenji Sakala anatuluka pagulu la anthu asanasite.

Padoko injini inali italira kale. Alendo anali m'kati, a Mulemwa kutsogolo, nkhope ngati chitseko. Amene ankachedwetsa zinthu anali Nyambe. Anali atamanga katundu pamwamba, n'kumasula, n'kumanganso, kenako n'kunena kuti m'mimba mwamutembenuka ayambe wapita kuthengo, kumene anakhalako nthawi yoti munthu n'kumanga nyumba. Atatuluka anayang'ana kuphiri, n'kuloza.

"Ba Mulemwa, chija ni chani? Ni munthu olo ni chulu?"

Chulucho chinafika, n'kutsitsa chola pansi kuti gu. A Mulemwa anatsika, anamuzungulira, n'kuyang'anitsitsa kolala.

"Munasiya alendo chifukwa cha bulauzi."

"Ee."

"Muzachita futi?"

Tionenji sanafune kulonjeza bodza, chifukwa ndi munthu wosanama, mosiyana ndi anthu ena a m'banja lake amene sindiwatchula.

"Ngati ni nayiloni, siniziba," anatero.

"Njira mwaiona?"

Tionenji anatola kamtengo n'kujambula pamchenga mkono wonse ndi zala zake, pamene pali matope, pamene pali mvuu, pamene pali madzi akumwa, ndi tinjira ta ng'ombe todula pakhosi. A Mulemwa anagwada n'kuyang'ana nthawi yaitali. Bwato logona Loweruka sakanalidalira pa ulendo uliwonse, ndipo palojipo panalibenso wina amene anapondako kumtunda kumeneko.

"Nchito ni yanu," anatero. "Koma nsimbi isala ku nyumba."

Kenako anayang'ananso malaya aja, ndipo kuseka kwawo kwa chaka chimenecho kunathera pomwepo. Nyambe anati zili bwino, iye abwerera kuphompho kwake, dziko lopanda chokwera ndi la anthu odwala.

Papita nthawi tsopano. Tionenji amatsika kuchigwa ndi alendo nyengo yozizira ikafika, wada, wanenepa akatumba, zala zinapola. Amayi a kwaya ya a Mutinta amamudikira ngati mvula. Koma ndisadumphe za Lamlungu lotsatira ulendo woyamba uja.

Anabwera kwathu titaweruka kutchalitchi, atasita mpaka zingwe za nsapato. Justina analipo, akusenda nshawa pakhonde. Tionenji anagwada bwinobwino, n'kundipatsa kaphukusi ka kapenta wouma.

"Amalume, aka akupatsani ndi a Sililo, eni sitolo ija ya pansi pa mlambe. Akuti moni wambiri."

"A Sililo akali moyo?" ndinatero, ndikumenya ntchafu. "Nkhalamba yolimba imene ija. Akadali ndi diso limodzi?"

"Limodzi lomwelo."

"Linalo linapita ine ndikuona. Chitsekerero cha fanta. Ndine ndinawanyamula kumsana mpaka kuchipatala, ng'ona zikutithamangitsa. Filiji ija ndinawakonzera ndine, chingwe cha nyale chinkafuka utsi. Mpaka anafuna kundipatsa mwana wawo wamkazi, ine n'kukana chifukwa cha azakhali ako."

"Anandiuzanso zimenezo. Akuti munavina pa ukwati wa mng'ono wawo."

"Mpaka fumbi kufika ku Zimbabwe."

Justina anali atasiya kusenda. Tionenji anatsegula chola chake mosafulumira, anatulutsa nsimbi, n'kuiika pamiyendo panga. Mawondo anga analira.

"Amalume, dzina la Sililo ndalitola pa chikwangwani cha wometa tsitsi apa pakona, pobwera pano. Pamwamba paja pali chigaza cha ng'ombe ndi ndowe. Amama akuti inu kutali kumene munafikako ndi ku Kalomo, ndipo munasanza njira yonse mpaka kondakitala anakutsitsani."

"Anamutsitsira pa Zimba," anatero Justina. "Ku Kalomo kunafika chipewa chokha."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilongosole kuti mwina madzi anasuntha sitoloyo, koma Tionenji anakweza chala.

"A Mulemwa akuti nsimbi isakhale m'chola changa. Sananene za chola chanu. Mwezi wa mawa tikupitanso, malo ndakusungirani. Mudzanyamula iyi, mudzatsogola, ndipo mukadzatipezera sitolo ya a Sililo, fanta yoyamba ndidzakugulirani ndine."